Impso yatsopano, dzimbiri la m'thupi ndi kamchere kotchedwa selenium

Impso ikangochotsedwa m'thupi la wopereka, amaitsuka ndi madzi ozizira a mankhwala mpaka magazi onse atatulukamo. Imasanduka yotuwa ngati nyama yoti yakhalitsa m'madzi, ndipo amaigoneka pa ayezi. Wodwala amamung'amba m'munsi mwa mimba, cha m'mbali. Impso zake zakale nthawi zambiri sazikhudza, zimatsala komwe zili kumsanako. Dokotala amasoka mtsempha wobweza magazi, amasoka wobweretsa magazi, kenako n'kumasula zopanira zimene zinatseka njira. Posakhalitsa impso ija imafufuma n'kufiira. Ikakhala yochokera kwa munthu wamoyo, nthawi zina mkodzo umayamba kudontha pompo, kanjira kake asanakalumikize n'komwe ku chikhodzodzo.

Apa mitima ya onse m'chipindamo imakhala m'malo, koma ndi pomwenso impsoyo imavulala. Nthawi yonse imene inali pa ayezi maselo ake analibe okosijeni. Kuzizira kumachedwetsa ntchito za m'maselo koma sikuziimitsa, ndiye zinthu zina zimene zikanapsa pakanakhala mpweya zimangounjikana. Chimodzi mwa izo ndi succinate. Mu 2014 ofufuza a ku Cambridge, poyesa pa nyama za mu labotale, anasonyeza kuti magazi akangobwerera, timagawo ta selo topanga mphamvu, totchedwa mitochondria, timawotcha succinate uja mwaphuma n'kutulutsa tizinthu tolusa tambirimbiri nthawi imodzi. Amene anakupizapo mbaula yoti makala aunjikana koma moto ukufuna kuzima akudziwa zimene zimachitika: moto umabuka ndithu, koma umathethekera paliponse, ndipo chitenje cha amene ali pafupi chimabooka.

Tizinthu tolusa timeneti ndi okosijeni yemweyo amene timapuma, koma wosamalizika kupsa. Mayina ake ndi superoxide, hydroxyl radical, komanso hydrogen peroxide, yemwe uja amachita thovu mukamuthira pa chilonda. Khalidwe lake ndi kulanda ma electron ku chilichonse chimene takumana nacho, kaya ndi mafuta a m'khungu la selo, kaya mapuloteni, kaya DNA. Ndi m'bale wake wa zimene zimachitikira khasu losiyidwa pamvula, peyala lodula limene lada pofika madzulo, kapena nsinjiro zokhalitsa zimene zayamba kafungo. Thupi lili ndi zida zozimira motowu. Toononga tikachuluka kuposa zozimira, madokotala amati munthu ali ndi oxidative stress, dzina limene Helmut Sies wa ku Germany anatchukitsa mu 1985.

Otsatsa malonda a mapiritsi amakamba za tizinthu timeneti ngati mfiti zofunika kuzithamangitsa zonse pamudzi. Si choncho. Maselo oyera a m'magazi amapanga dala superoxide ndi hydrogen peroxide kuti aphere tizilombo, ndipo ana obadwa ndi vuto loti maselo awo sangathe kuchita zimenezi amangokhalira kudwala zithupsa ndi chibayo. Maselo enanso amagwiritsa ntchito hydrogen peroxide wochepa potumizirana mauthenga. Kwa munthu woikidwa impso, amene chitetezo chake chatsitsidwa mwadala ndi mankhwala, mfundo imeneyi si yongoyankhula. Chofunika ndi mlingo, osati kuzimiratu moto.

Nanga selenium akulowa pati?

Selenium ndi mchere wa m'nthaka. Anamutulukira ndi Jöns Jacob Berzelius wa ku Sweden mu 1817, ndipo dzinali analitenga ku mawu a Chigiriki otanthauza mwezi. Kwa zaka zambiri ankadziwika ngati poizoni wodwalitsa ziweto zodya msipu wa m'madera ena a ku America. Mu 1957 Klaus Schwarz ndi mnzake Calvin Foltz anapeza kuti makoswe osowa selenium amawonongeka chiwindi, ndipo mu 1973 zinadziwika chifukwa chake: selenium amakhala pamtima penipeni pa enzyme (puloteni yofulumizitsa ntchito za m'thupi) yotchedwa glutathione peroxidase, imene ntchito yake ndi kusandutsa hydrogen peroxide kukhala madzi, komanso kukonza mafuta amene ayamba kuwonongeka. Lero tikudziwa kuti munthu ali ndi majini 25 opanga mapuloteni a selenium. Ena mwa mapuloteniwa amazima moto uja, ena amathandiza mahomoni a chithokomiro kuti agwire ntchito.

Mlingo wake ndi wochepa modabwitsa. Akatswiri a ku America amati munthu wamkulu amafunika ma microgram 55 patsiku, ndipo microgram ndi galamu imodzi yogawidwa ka 1,000,000. Mukaphatikiza chaka chonse ndi mamiligalamu pafupifupi 20, kulemera kwa kambewu kamodzi ka mpunga.

Chimene ambiri samva ndi ichi: selenium payekha sazima kanthu. Ali ngati singano ya makina osokera. Makina opanda singano sasoka, zoona. Koma telala wa makina amodzi sangasoke madiresi ambiri chifukwa choti mwamugulira masingano 100. Ndipo makinawo akathyoka, ngakhale mutamuunjikira masingano odzaza chikhatho cha dzanja, nsalu ikhalabe pomwepo. Ma enzyme onse akalandira selenium wawo, wowonjezera sapanganso enzyme ina. Amangotuluka mumkodzo, kapena kuunjikana n'kuyamba kuvulaza.

Fanizo la makina othyoka ndi limene limafika pa impso. Glutathione peroxidase ilipo ya mitundu ingapo. Ina imakhala m'kati mwa maselo, monga maselo ofiira a magazi. Koma imene imayenda m'madzi a magazi, yotchedwa GPx3, yambiri imapangidwa mu impso momwemo, m'timapaipi toyamba timene madzi osefedwa amadutsamo. Ulendo wake umayenda chonchi: selenium wa m'chakudya amafika ku chiwindi, chiwindi chimamulongedza mu puloteni yonyamulira yotchedwa selenoprotein P, ndipo timapaipi ta impso tili ndi kogwirira kotchedwa megalin kamene kamakoka puloteniyi n'kuilowetsa m'maselo. Mmenemo ndi mmene GPx3 imasulidwa n'kutumizidwa m'magazi. Ofufuza a ku America anasonyeza mu 1994 kuti GPx3 yambiri imachokera mu impso, ndipo umboni wina unali woti anthu amene alibiretu impso amakhala ndi GPx3 yochepa kwambiri.

Tsono impso si chiwalo chongofuna kutetezedwa ndi selenium. Ndi fakitale yopangira chitetezocho. Ikamafa, GPx3 imatsika limodzi nayo. Gulu la Bronisław Zachara ku Poland linatsatira nkhaniyi kwa zaka zambiri, ndipo linapeza zinthu ziwiri zimene ziyenera kuwerengedwa pamodzi. Odwala a pa dayalisisi (makina osefa magazi m'malo mwa impso) atapatsidwa mapiritsi a selenium, mlingo wa selenium m'magazi unakwera, koma GPx3 sinasunthe kwenikweni. Pamene odwala oikidwa impso yogwira bwino ntchito, GPx3 inkakwera yokha m'masabata ochepa. Masingano analipo, chinkasowa ndi makina.

Izi sizikutanthauza kuti wodwala impso sasowadi selenium. Amasowa, ndipo zifukwa zake n'zooneka ndi maso. Asanayambe dayalisisi amauzidwa kuchepetsa nyama ndi zakudya zina za mapuloteni, zomwenso ndi zimene zimabweretsa selenium. Zoipa zikachuluka m'magazi chakudya sichikoma, mseru suchoka, ndipo mbale imabwerera kukhitchini ili yodzaza. Amene impso zake zikutaya mapuloteni mumkodzo amatayira limodzi ndi selenium womangirira ku mapuloteniwo. Mu 2009 ofufuza a ku Canada anasonkhanitsa kafukufuku woposa 100 wa m'mayiko osiyanasiyana, ndipo chithunzi chinali chimodzi: anthu a pa makina osefa magazi amakhala ndi selenium ndi zinc wochepa poyerekeza ndi anthu athanzi. Mbali ya moto nayo imakhala itakula. Magazi akamakhudzana ndi sefa ya makina katatu pa sabata, maola anayi ulendo uliwonse, maselo oyera amadzidzimuka n'kutulutsa superoxide, ndipo ayironi wa mu diripi amene odwalawa amafunikira amathanso kukoleza zomwezo. Munthu amafika pa tebulo la opaleshoni zozimira zili zochepa, moto uli wambiri, kenako n'kubwera kuthetheka kuja kwa magazi obwerera.

Palinso chinthu chachitatu chimene chimasokoneza owerenga zotsatira za ku labotale. Thupi likakhala pa nkhondo, kaya ndi matenda, kaya bala la opaleshoni, kaya kukana impso, chiwindi chimachepetsa kupanga selenoprotein P, ndipo mapuloteni ena amatuluka m'mitsempha n'kulowa m'minofu. Selenium wa m'madzi a magazi amatsika mofulumira ngakhale kuti munthuyo sanataye kanthu. Wangosamuka. N'chifukwa chake malangizo a akatswiri a kadyedwe ka odwala amati selenium ayezedwe limodzi ndi CRP, puloteni imene imakwera thupi likatupa m'kati. Tiyerekeze pepala la zotsatira la munthu amene waikidwa impso masiku anayi apitawo: selenium watsika, CRP yakwera kwambiri, creatinine (chinyalala chimene impso yabwino imachotsa m'magazi) akutsika tsiku ndi tsiku. Wosadziwa athamangira ku famase. Wodziwa aona bala limene likupola ndi impso imene ikudzuka, ndipo adikira kuti adzayezenso CRP ikadzatsika.

Choncho nambala imodzi yotsika ingakhale ikunena zinthu zitatu zosiyana: kuti munthu sakudya zokwanira, kuti impso siikugwira bwino ntchito, kapena kuti thupi latupa. Piritsi limayankha choyamba chokhacho.

Kuyeza oxidative stress yeniyeniyo n'kovuta kuposa pamenepa. Tizinthu tija timakhala moyo kwa kanthawi kochepa kwambiri moti sungatigwire, ndiye ofufuza amayeza phulusa lake: malondialdehyde ndi isoprostane zochokera ku mafuta owonongeka, kapena zidutswa za DNA yowonongeka mumkodzo. Malondialdehyde ndi amene amapezeka m'malipoti ambiri chifukwa kumuyeza n'kotchipa, koma njira yotchukayo imagwiranso zinthu zina zosakhudzana ndi nkhaniyi, ndipo magazi akachedwa pa benchi nambala imasintha. Ine ndikaona lipoti la odwala 30 kapena 40 lonena kuti mankhwala akuti atsitsa malondialdehyde, funso langa limakhala lakuti: nanga impsozo zinakhalitsa? Kuchipatala cha oikidwa impso sayeza zimenezi tsiku ndi tsiku. Amayang'ana creatinine, mlingo wa tacrolimus (mankhwala oletsa thupi kukana impso), mapuloteni mumkodzo, shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Njira yotsimikizika yochepetsera bala la magazi obwerera si ya m'botolo la mavitamini, ndi ya wotchi. Impso ikakhalitsa pa ayezi, mwayi woti ichedwe kudzuka umakula, ndipo wodwala amafunikanso dayalisisi m'sabata yoyamba. Zimenezi zimachitika kawirikawiri ndi impso zochokera kwa anthu omwalira, zimene zimayenda maola ambiri pamsewu kapena pa ndege, ndipo n'zosowa ndi impso za anthu amoyo. Opaleshoni yoyamba kuyenda bwino, imene Joseph Murray anachita ku Boston pa 23 Disembala 1954, inali ya mapasa ofanana, wopereka ali m'chipinda china choyandikana nacho. Amalawi ambiri amene aikidwa impso amapita kunja, makamaka ku India, atatenga m'bale wodzapereka, kotero pa mbali imeneyi amayamba bwino. Madzi osungira ziwalo nawo anapangidwa poganizira moto womwewu. Amene anakonzedwa ku University of Wisconsin cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ali ndi glutathione ndi allopurinol, woyamba wozima, wachiwiri wotseka enzyme ina imene imapanga superoxide.

Bala la tsiku loyamba limapola. Chimene chimatsala ndi moto wapansipansi wa zaka zambiri. Mankhwala oletsa thupi kukana impso, ciclosporin ndi tacrolimus, ndi amene anasintha opaleshoniyi kuchoka pa kuyesa mwayi kufika pa chithandizo chodalirika. Onse awiri anachokera m'dothi: woyamba ku nkhungu ya m'dothi la ku Norway, wachiwiri ku bakiteriya wa m'dothi la m'dera la phiri la Tsukuba ku Japan, amene anapezeka mu 1984. Koma mankhwala omwewa amafinya timitsempha ta mu impso, ndipo pa nyama ndi pa maselo a mu labotale aonetsa kuti amachulukitsa tizinthu tolusa tija. Tacrolimus ndi prednisolone, mankhwala enanso amene oikidwa impso amamwa, amabweretsa matenda a shuga kwa odwala ena amene analibe. Kuthamanga kwa magazi ndi mafuta a m'magazi zimakwera. Kukana kwapang'onopang'ono kumasiya zipsera mu impso. Ndipo chimodzi mwa zinthu zimene zimapha kwambiri anthu amene impso yawo yoikidwa ikugwirabe ntchito ndi matenda a mtima ndi mitsempha, kumene mafuta owonongeka ndi okosijeni amatengako mbali pomanga zotseka m'mitsempha.

Mukaika zonsezi pamodzi, ganizo loti selenium angathandize limaoneka lanzeru. Ndipo pali umboni wolozera komweko. Ku Groningen, m'dziko la Netherlands, ofufuza anayeza selenium mumkodzo wa tsiku lathunthu wa anthu oikidwa impso pafupifupi 700, monga njira yodziwira kuchuluka kwa amene amadya, n'kuwatsatira kwa zaka pafupifupi 8. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2023, zinali zoti a m'gulu lotsika kwambiri ankamwalira mowirikiza kawiri poyerekeza ndi a m'gulu lokwera. Nambala yotereyi siyofunika kuinyoza. Koma kafukufuku yemweyo anapezanso kuti chimene chinkatsogolera mlingo wa selenium ndi kuchuluka kwa mapuloteni amene munthu amadya. Munthu amene akudya nsomba, mazira ndi nyama mokwanira amakhala ndi chilakolako cha chakudya, minofu yake ndi yolimba, ndipo kawirikawiri ndalama zogulira ndiwo ali nazo. Selenium wa mumkodzo akhoza kukhala mthenga wongonena za zonsezi. Kuti tinene kuti piritsi lingatalikitse moyo pamafunika kugawa odwala mwamaere, ena n'kulandira selenium, ena piritsi lopanda kanthu, n'kudikira zaka.

Mayeso otere akachitika pa zinthu zofanana ndi zimenezi, zotsatira zake zakhala zoziziritsa nkhongono. Chitsanzo chapafupi kwambiri ndi FAVORIT, kafukufuku wa anthu oikidwa impso oposa 4,000 amene zotsatira zake zinatuluka mu 2011. Zinkadziwika kuti odwalawa amakhala ndi homocysteine (chinthu china chopezeka m'magazi) wokwera, ndiponso kuti homocysteine wokwera amayendera limodzi ndi matenda a mtima. Anawapatsa folic acid wambiri ndi mavitamini B6 ndi B12. Homocysteine anatsika monga ankayembekezera. Matenda a mtima ndi imfa sizinatsike. Nambala inakongola papepala, maliro n'kukhala omwewo.

Selenium weniweniyo anayesedwa pa amuna oposa 35,000 mu kafukufuku wa SELECT, wofuna kupewa khansa ya prostate, pa mlingo wa ma microgram 200 patsiku. Anaimitsidwa mu 2008 chifukwa panalibe phindu, ndipo pambuyo pake zinaoneka kuti vitamini E, amene ankayesedwa limodzi, anawonjezera khansayo. Mu kafukufuku wina wa ku America wa mlingo womwewo, omwa selenium anapezeka ndi matenda a shuga ochulukirapo, makamaka amene anayamba ali kale ndi selenium wokwanira. Ganizirani zimenezi pa munthu amene tacrolimus akumukankhira kale ku shuga. Ngakhale pa opaleshoni ya mtima, pamene magazi amaimitsidwa n'kubwezeretsedwa mofanana ndi pa impso, selenium wambiri wa mu diripi anayesedwa pa odwala oposa 1,000 ndipo lipoti la mu 2023 silinapeze kusintha.

Komanso mpata wa pakati pa wokwanira ndi wovulaza ndi wopapatiza. Ku America malire ndi ma microgram 400 patsiku. Bungwe loona za chakudya la ku Ulaya linawatsitsa kufika pa 255 mu 2023. Wopyola muyezo kwa nthawi yaitali tsitsi limathothoka, zikhadabo zimasweka, m'kamwa mumanunkha ngati wadya adyo, m'mimba mumatseguka. Mu 2008 anthu pafupifupi 200 ku America anadwala chonchi atamwa mankhwala amadzi owonjezera michere, amene anali ndi selenium wochuluka ka 200 kuposa zimene zinalembedwa pa botolo. Njira yaikulu yotulutsira selenium wotsala ndi mkodzo, ndipo munthu woikidwa impso ali ndi impso imodzi yogwira ntchito, imene nthawi zambiri siifika pa mphamvu ya ziwiri zathanzi.

Tikanakhala tikulembera anthu a ku America, kumene tirigu wambiri amachokera m'nthaka ya selenium wochuluka, nkhani ikanathera apa. Koma ambiri mwa amene anayesedwa m'makafukufuku aja anali okhuta kale, masingano ali m'makina. Kwathu zinthu n'zosiyana, ndipo kusiyanaku kunayezedwa.

Chomera chimatenga selenium malinga ndi nthaka imene chamera. Nthaka ya asidi, imene ndi yochuluka m'Malawi, imamugwira zolimba moti mizu siimupeza. Allan Chilimba ndi anzake anayeza chimanga cha m'madera osiyanasiyana a dziko lino ndipo lipoti lawo la mu 2011 linasonyeza kuti chambiri chili ndi selenium wochepa kwambiri, kupatula cha m'nthaka yakuda ya makande ya m'chigwa cha Shire. Kenako anayerekeza amayi a ku Zombwe m'boma la Mzimba ndi a ku Mikalango m'boma la Chikwawa. Onse amadya nsima, koma selenium wa m'magazi a amayi a ku Mikalango anali woposa kuwirikiza kawiri wa anzawo a ku Zombwe. Magazi a kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2015 ndi 2016 atayezedwa, zinapezeka kuti amayi a msinkhu wobereka oposa 6 pa 10 alionse anali pansi pa mlingo umene GPx3 imafunika kuti igwire ntchito mokwanira. Onani kuti muyezo wake ndi enzyme yomwe ija ya mu impso.

Si ife oyamba. M'boma la Keshan kumpoto chakum'mawa kwa China, matenda a mtima okhudzana ndi kusowa selenium anadziwika mu 1935 ndipo ankapha ana ndi amayi mpaka pamene anayamba kupereka selenium m'zaka za m'ma 1970. Dziko la Finland linasankha njira ya kumunda: kuyambira mu 1984 linayamba kuthira selenium mu feteleza, ndipo mlingo wa m'magazi a anthu unakwera dziko lonse popanda womeza piritsi. Njira imeneyi inayesedwanso kuno. Mu 2019, m'dera la Wimbe ku Kasungu, mabanja ena analandira ufa wa chimanga cholimidwa ndi feteleza wa selenium, ena ufa wamba, ndipo selenium wa m'magazi a amayi ndi ana a gulu loyamba anakwera kwambiri, wa gulu lachiwiri osasintha.

Ndiye taganizirani munthu wa ku Mzimba kapena ku Kasungu amene wakhala zaka ziwiri pa dayalisisi ku Kamuzu Central kapena ku Queens, wapita ku India ndi mchemwali wake, wabwerera ndi impso yogwira ntchito. Makina aja akonzedwa. Funso loti masingano alipo kapena ayi kwa iyeyu ndi lenileni, kusiyana ndi mnzake wa ku Chicago. Mchemwali wopereka uja nayenso anakulira pa nsima ya m'munda womwewo. Apa ndi pamene ndimaona kuti kuyeza selenium, ngati njira ilipo, kuli ndi tanthauzo, bola kuchitike munthu atachira, patapita miyezi, CRP ili pansi. Akapezeka wotsikadi, dokotala wa impso angathe kumulembera mlingo wochepa kwa nthawi yodziwika n'kudzayezanso. Kumeneko n'kubwezeretsa chosowa, ndipo n'kosiyana kwambiri ndi kumwa ma microgram 200 tsiku lililonse kwa moyo wonse poganiza kuti ukuteteza impso.

Kwa ambiri yankho lili m'mbale. Ubwino wake impso yatsopano ikagwira, zoletsa zambiri za nthawi ya dayalisisi zimamasuka. Nsomba ndi gwero lodalirika, chifukwa selenium wake sadalira munda wa kwanu: usipa, matemba, utaka, chambo, kapenta kwa abale a ku Zambia. Mazira, nkhuku ndi nyama nazonso zimathandiza. Nyemba ndi mtedza zimatsata nthaka imene zamera monga chimanga. Kwa munthu wa chitetezo chotsika zonsezi zipse mokwanira, dzira lisakhale lamadzimadzi pakati, usipa wa pamsika utsukidwe bwino n'kuwira usanakazingidwe, ndipo mchere wa patebulo uchepe chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Potaziyamu ndi phosphate ziziyenderana ndi zotsatira za magazi, popeza tacrolimus amatha kukweza potaziyamu.

Abale a ku Britain ndi ku Joni amakonda kutumiza mtedza wa Brazil atamva kuti ndi mfumu ya selenium. Ndi zoona, ndipo vuto lake ndi lomwelo: kamtedza kamodzi kamatha kukhala ndi ma microgram 70 mpaka 90, kuposa zofunika tsiku lonse, ndipo mlingo umasiyana kwambiri paketi ndi paketi. Wodya ngati mtedza wokazinga wa pa depoti amapyola malire asanazindikire.

Choopsa kwambiri, komabe, si selenium yekha koma zimene amabwera nazo m'botolo. Mapiritsi ambiri olembedwa kuti antioxidant (ozima moto uja) kapena olimbitsa chitetezo amakhala osakaniza ndi zitsamba. Chitsamba cha St John's wort chimafulumizitsa chiwindi kuphwanya ciclosporin ndi tacrolimus, ndipo pali anthu amene ziwalo zawo zoikidwa zinakanidwa chifukwa cha icho. Manyumwa amachita zosemphana: amakweza mlingo wa mankhwalawa mpaka kuvulaza impso. Vitamini C wochuluka amasanduka oxalate amene amatha kuunjikana m'timapaipi ta impso. Ndipo mawu oti "kulimbitsa chitetezo", amene kwa wina aliyense amamveka ngati dalitso, kwa munthu woikidwa impso akutanthauza kudzutsa asilikali amene akumwera mankhwala m'mawa ndi madzulo kuti agone. Botolo lililonse, kaya lachokera ku famase, kwa mlamu wa ku London kapena kwa wogulitsa wa pa WhatsApp, lipite ku kiliniki lili ndi chizindikiro chake, dokotala awerenge zolembedwa kumbuyo, ndipo ngati munthu anayamba kale kumwa, anene tsiku limene anayamba kuti aliyerekeze ndi mlingo wa tacrolimus wa mwezi umenewo.